Matenda Abwino a Rozina

Mudzi wa alimi a mpunga,
Chigawo cha Morogoro, Tanzania
12 Novembala 2006

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino, pamodzi ndi mlongo wanga Rozina ndi alamu anga a Golden. Ine ndili bwino, kungoti kuno kukutentha ngati ku Nsanje. Foni sigwira pokhapokha munthu utapalasa njinga makilomita khumi ndi awiri, choncho tizidalira a Mwamadi ndi lole yawo monga tinapangana. Amadutsa pamsewu waukulu kawiri pamwezi pochokera ku Dar es Salaam.

Munandifunsa kuti maphunziro amene akuntchito ananditumizira kuno ndi otani. Musaseke. Dzuwa likalowa timakhala pampando titapinda thalauza mpaka m'mawondo, kachubu kali pakamwa. Udzudzu ukatera pamwendo timaukoka ndi kachubuko usanalume, n'kuuika m'kapu yovindikira ndi kansalu. M'mawa timauwerenga. Tikufuna kudziwa kuti udzudzu wa malungo umatani ukakumana ndi mankhwala othamangitsira. Musade nkhawa, timamwa mapiritsi otiteteza.

Ndikudziwa kuti mvula ikayamba maenje a njerwa a kuseri kwathu ku Chinsapo adzaza madzi, ndiye ndatumiza mabotolo anayi a mafuta odzola. Ndilongosole pang'ono. Udzudzu sufuna munthu ndi maso. Umatsata mpweya umene timapuma, kutentha kwa thupi, thukuta, makamaka fungo la mapazi. Mafutawa amausokoneza, moti umafika pafupi n'kubwerera osatera. Dziwani kuti saupha. Muzidzola madzulo, m'miyendo, m'manja ndi m'khosi, osati m'maso kapena pabala. Mphamvu yake imatha pakapita maola anayi kapena asanu, ndiye pogona neti ndi yofunikabe.

Mundiuze za kumeneko. Kodi mtedza wokazinga ukuyenda malonda kudepoti? Denga la kukhitchini analikonza?

Ndine mwana wanu,
Weston


Chinsapo, Lilongwe
3 Disembala 2006

Weston mwana wanga,

Tadzuka bwino, kaya iwe kumeneko. Katundu tinalandira ndipo tathokoza.

Koma nkhani ya ntchito yakoyo sindinauze munthu aliyense kutchalitchi. Sukulu yonse ija, mpaka kudinditsa pasipoti, kuti ukakhale nyambo ya udzudzu? Ukanangonena, bwenzi titakuikira mpando pakhonde pompano, udzudzu tili nawo wokwanira.

Mafuta ako tinadzola. Fungo lake ndi la kugalaja. M'mawa ndinasesa khonde lonse ndi chipinda chomwe, sindinapeze udzudzu wakufa ngakhale umodzi. Koyilo ya pagolosale ndi yabwinoko, munthu umaona mitembo. Komabe sindinama, ine sukundilumanso ngati kale. A Golden nawonso akuti ali pamtendere. Botolo limodzi ndinapatsa a Zuhra, atelala a nyumba yoyandikana nafe aja, chifukwa timachezera limodzi madzulo pomanga mtedza m'timapepala, ndipo sindikanatha kudzola iwo akuyang'ana.

Tsono imva ichi. A Golden atadzola anagwira wailesi yawo. Chala chawo chinadinda papulasitiki ndipo chidindocho chilipo mpaka lero. Lamba wa wotchi yawo wayamba kumata ngati phula. Iwe Weston, mankhwala osungunula wailesi ukuti anthu tidzole? Ife akuluakulu khungu linakhwima, palibe kanthu. Koma Rozina ndamuletsa. Mlongo wako ndi wodwala, papita miyezi tsopano, ndipo munthu wodwala sayandikira mankhwala osadziwika.

Ukapita kutauni ugule zitenje zinayi za kumeneko, zija zosasuluka, ndi beseni lalikulu ngati a Mwamadi angavomere kunyamula. Zifunika posachedwa.

Denga silinakonzedwe. Mtedza ukuyenda pang'onopang'ono.

Ndine mayi ako,
Eva Makwinja


Morogoro
19 Disembala 2006

Amayi,

Ndalandira kalata yanu ndipo mtima suli m'malo. Mwalemba tsamba lathunthu za wailesi ya alamu, koma za kudwala kwa Rozina mizere iwiri yokha. Akudwala chiyani? Mukuti papita miyezi. Miyezi ingati? Thupi likutentha? Akusanza? Akutsokomola? Anamuyeza magazi, kapena mukungomugulira mapiritsi pagolosale? Malungo obwerezabwereza amamaliza magazi m'thupi mwakachetechete. Muyang'ane zikhatho zake ndi kunsi kwa zikope. Ngati kwayera, mawa lomwe apite kuchipatala. Ngati si malungo, apemphe kuti amuyeze zonse, asaope.

Ndipo sindikumvetsa, Amayi. Munthu akudwala, inu mukuitanitsa zitenje ndi beseni? Zitenje zidikire. Ndikagula pobwera mu Juni.

Za mitembo ya udzudzu, ndinalemba kale kuti mafutawa sapha. Taganizani za galu wolusa pakhomo. Sagwira wakuba n'kumumanga, amangomuchititsa kuti alambalale. Kusapeza wakuba womangidwa m'mawa sikutanthauza kuti galu sanagwire ntchito. Inu nomwe mwavomera kuti sukukulumani. Umboni wake ndi umenewo.

Za wailesi, pepani, ndinaiwala kukuchenjezani. N'zoona kuti mankhwala a m'mafutawa amafewetsa mitundu ina ya pulasitiki ndi penti. Koma khungu la munthu si pulasitiki. Palafini amasungunula phula, koma m'manja mwanu mukadali zala zonse. Mukadzola muzisamba m'zikhatho musanagwire zinthu. Rozina adzole. Kudwala si chifukwa chomumanira, m'malo mwake wodwalayo ndiye woyenera kutetezedwa kuposa nonse.

Chonde ndiyankheni mafunso anga limodzilimodzi. Ndaika manambala m'mphepete kuti musadumphe.

Weston


Chinsapo
7 Januwale 2007

Weston,

Chaka chabwino. Tili moyo.

Kalata yako ya manambala ndinaiwerenga kawiri, kenaka ndinapita nayo kwa a Zuhra kuti mwina ine ndi amene sindikumva. Anaseka mpaka kusiya makina. Anati, "Amayi a Rozina, mwana wanuyu anaphunzira mpaka Chichewa chinamuthawa."

Ndikuyankhe bwanji iwe? Pali zinthu zimene mayi sauza mwana wake wamwamuna zokhudza mlongo wake, komanso sitizilemba papepala loyenda m'malole nthawi isanakwane. Matenda a Rozina ndi abwino. Wamva? Ndi matenda abwino. Kuchipatala akupita mwezi ndi mwezi, Lachiwiri, tsiku la sikelo. Neti anam'patsa komweko ndipo akugonamo. Zitenje sizingadikire Juni. Ngati apanso sunamve, ufunse mayi aliyense wokazinga mandasi kumeneko, ngakhale m'Chiswahili.

Mafuta sindimupatsa. Galu wako ndi palafini wako ndamva, koma si iwe amene udzayankhe mlandu kwa azibambo ake a Golden zinthu zikalakwika.

Chondidetsa nkhawa ndi china. Mvula yagwa yambiri, maenje aja asanduka nyanja. Tikakhala pakhonde anthu anayi, ine, a Zuhra, a Golden ndi Rozina, atatufe timakhala phee, koma Rozina amangodzimenya mbama. Miyendo yake yachita zitupsya zokhazokha. Ndamufunditsa chitenje, umamuluma m'mapazi. A Golden amamuseka kuti magazi ake ndi a shuga. M'nyumba sangakhale chifukwa malata amatentha ndipo iye amabanika. Chaka chino udzudzu wamukonda moposa muyeso, sindidziwa chifukwa chake. Iwe wodziwa za udzudzu, tandiuza.

Mayi ako,
Eva


Biwi, Lilongwe
29 Januwale 2007

Alamu,

Ndine Golden. Ndikulembera pagalaja, pepani pepala lada ndi girisi. Ndakhala ndikuyesa foni yanu, siikulowa.

Zinthu sizinali bho. Lachitatu lapitali Rozina anayamba kunjenjemera, mutu, kusanza chilichonse. Pofika Lachinayi samandizindikira bwinobwino. Ndinabwereka pikapu ya abwana n'kuthamangira naye kuchipatala. Anamupeza ndi malungo, mapulasi atatu, magazinso ochepa. Anamugoneka pa dilipi ya kwinini. Dzulo ndi pamene wayamba kumwa phala. Anesi akuti mwana akugunda, koma atichenjeza kuti akadwalanso chonchi akhoza kubadwa masiku asanakwane, kapena tikhoza kumutaya.

Eya, ndati mwana. Amayi akuzungulira, ine ndingonena poyera, mundikhululukire. Mlongo wanu ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Shuwa alamu, munthu wa madigiri, zitenje zinayi ndi beseni osatulukira? Ngakhale anyamata a pagalaja pano anamva nditangowawerengera mzere umodzi.

Ndamva kuti lole ya a Mwamadi inafera ku boda ya Songwe milungu itatu, giyabokosi. Ndiye kuti kalata ya Amayi ya pa 7 ikadali m'kabati mwawo. Iyi ndapatsira dalaivala wina kuti akawapeze komweko, mulandira ziwiri nthawi imodzi.

Mafuta aja atsala pang'ono m'botolo limodzi. Ife atithandiza, sitinadwale ndi mmodzi yemwe. Mkazi wanga yekha ndiye tsoka.

Mlamu wanu,
Golden


Morogoro
11 Febuluwale 2007

Okondedwa Amayi, ndi inu alamu,

Makalata onse awiri andipeza dzulo. Ndinawawerenga nditaimirira pamsewu pomwepo, ndipo a Mwamadi anachita kundigwira paphewa kuti ndikhale pansi. Ndapalasa njinga kukaimba foni, alamu mwandiuza kuti Rozina watuluka m'chipatala. Ndathokoza Mulungu.

Amayi, ndalakwa ndine. Mawu akuti "wodwala" ndinawamva kuyambira ndili mwana, pamene azakhali ankabwera kudzadikirira kwathu. Koma mutu wanga wadzaza malungo, moti nditawerenga sindinaganize china. Mundiseke mmene mungathere, a Zuhra nawonso aseke. Koma mukatha kuseka muwerenge bwino zotsatirazi, chifukwa funso limene munandifunsa lili ndi yankho, ndipo si tsoka ayi.

Mwezi wathawu ine ndi mnzanga Hamisi tinayesa chinthu china. Tinakhala moyandikana, tonse osadzola. Aliyense anagwira udzudzu pafupifupi makumi atatu. Tsiku lotsatira ine ndinadzola, iye ayi. Ine ndinagwira utatu wokha. Hamisi anagwira makumi asanu. Tinasinthana, zinatembenukanso chimodzimodzi. Mukuona? Udzudzu ukabwerera pamwendo wodzola subwerera kudambo ndi njala. Umangosuntha pang'ono n'kutera pa munthu wapafupi amene sanadzole.

Chachiwiri, mayi woyembekezera amakoka udzudzu kuposa anthu ena, mwina kawiri. Amapuma mpweya wambiri ndipo thupi lake limafunda pang'ono. Si shuga, alamu.

Tsono taonani khonde lathu. Anthu atatu odzola, pakati pawo mayi woyembekezera wosadzola. Udzudzu wonse wa m'maenje aja, wanu, wa a Zuhra ndi wa alamu, munkaupereka kwa Rozina madzulo aliwonse osadziwa. Sindikukudzudzulani, Amayi. Munamuletsa pofuna kuteteza mwana, ndipo wotumiza mafuta popanda kulongosola zonsezi ndine. Ndikanapanda kutumiza, bwenzi mukugawana kulumidwako anthu anayi.

Ndafunsa aphunzitsi athu. Akuti mafuta a mtundu umenewu anayesedwa kwa amayi a pakati pa miyezi yopitirira itatu ndipo ana anabadwa bwinobwino. Ngati simundikhulupirira, tengani botolo Lachiwiri mukawaonetse anamwino akusikelo. Malungo ndi amene angatilande mwanayu, osati mafuta.

Ndatumiza botolo limodzi lokha, langa, chifukwa ogulitsa ali kutauni ndipo a Mwamadi sakanadikira. Limeneli ndi la Rozina. Dzuwa likalowa adzole, avale masokosi, ndipo akangodya alowe m'neti ngakhale kutenthe. Mapiritsi a malungo akusikelo amwe pamaso pa anamwino. Zitenje zinayi zilimo, ndagula pamsika wa pamsewu. Beseni lili pamwamba pa matumba a feteleza.

Ndine wanu wamanyazi,
Weston


Chinsapo
1 Malichi 2007

Achimwene,

Ndine wodwala uja. Ndili bwino tsopano, kungoti ndikaimirira msanga mutu umazungulira. Mlendo wanu akumenya mateche usana ndi usiku. Zitenje ndi zokongola, koma chobiriwiracho munasankha nokha eti? Chikuoneka.

Amayi anapitadi ndi botolo kusikelo. Anaika pathebulo n'kunena kuti, "Mankhwala awa anadya wailesi, mwana wanga wa ku Tanzania akuti mlongo wake adzole." Anamwino anawerenga, anafunsana, n'kunena kuti ndidzole. Madzulo ake Amayi anandidzoza okha, mpaka pakati pa zala za kumapazi. Kalata yanu anaiwerenga kanayi. Pofika pa nkhani ya khonde ija analowa kukhitchini, anakhalako nthawi yaitali, potuluka anati utsi unawalowa m'maso. Moto unali usanakolezedwe.

Koma ndikulemba kuti ndiwanenere, chifukwa ine akundikanira. Mafuta akale anatha. A Golden masiku ano amavala ovolosi ndi majombo mpaka pogona. A Zuhra amachezera kwawo. Koma Amayi, dzuwa likangolowa, amatenga mpando n'kukhala pafupi ndi ine, chitenje atakwezera m'mawondo, mapazi ali pamtunda. Ndikalowa m'neti amasamutsira mpandowo pakhomo la chipinda. Ndikawauza kuti adzoleko pang'ono kapena afunde, akuti, "Weston walemba yekha kuti udzudzu subwerera ndi njala. Ukapanda kupeza pondiluma ine, ufunafuna pamene mafuta sanafike pa iwe. Udye ine, ukhute, ukusiye." Saumenya n'komwe, akuti ukathawa upita kwa ine.

Miyendo yawo simungaiyang'ane kawiri. Achimwene, alembereni. Inu ndi amene munawaphunzitsa.

Mlongo wanu,
Rozina


Morogoro
13 Malichi 2007

Amayi!

Sindinanene zimenezo! Mwa zonse zimene ndalemba chiyambire Novembala, mwasankha kumvera chiganizo chimodzi, ndipo mwachimvera chozondoka.

Udzudzu si alendo a paukwati kuti akakhuta anyamuka. M'maenje aja mukubadwa wina tsiku lililonse, simungaukhutitse wonse. Komanso imvani ichi. Udzudzu subadwa ndi malungo, umawatenga kwa munthu. Ukakulumani inu mukadwala, wina udzayamwa tizilombo m'magazi mwanu, ndipo pakapita masiku khumi kapena khumi ndi awiri udzakapatsira amene ali pafupi. Wapafupi ndi ndani? Rozina, ndi khanda limene likubweralo. Mukudzisandutsa nkhokwe ya malungo pakhomo la chipinda chake.

Ine ndimakhala nyambo nditamwa mankhwala, ndili ndi kachubu, ndipo ndimaugwira usanalume. Inu muli ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu ndiponso vuto la kuthamanga kwa magazi.

Ndapita kutauni dala. Mabotolo asanu ndi limodzi awa, ndi neti ina yanu. Aliyense wokhala pakhondepo adzole, aliyense, ngakhale wobwera kudzapempha moto. Mukangomva mutu kapena kuphwanya m'thupi, kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikudziwa chifukwa chimene mukuchitira zimenezi, ndipo ndalira powerenga. Koma tsitsani chitenje, Amayi, ndapota nanu.

Weston


Chinsapo
8 Epulo 2007

Weston mwana wanga,

Tadzuka bwino, kaya iwe. Mabotolo ndi neti zinafika pa 20, kalata yako yokalipa ili pamwamba. Sindinadziwe kuti umatha kukalipa. Watengera bambo ako, nawonso ankakalipa zinthu zitachitika kale.

Inandipeza ndili chigonere. Usayambe manambala ako, ndikuuza ndekha. Anali malungo, mapulasi awiri. A Golden ananditengera kuchipatala tsiku lomwelo, ndinamwa mankhwala onse, ndipo masiku amenewo ndinkagona kwa a Zuhra m'neti, kutali ndi Rozina, chifukwa iye atandiwerengera za nkhokwe zija ndinachita mantha. Apo unanena zoona. Chitenje ndatsitsa. Pakhomo pano tsopano aliyense akununkha galaja, ngakhale abusa atabwera kudzatiyendera tinawadzoza. Wailesi tinaikulunga m'nsalu.

Koma usaganize kuti ndikupepesa. Milungu itatu imene ndinakhala pampando uja Rozina sanalumidwe. Iwe udzati ndi mafuta ndi masokosi. Ine ndikuti tinathandizana.

Tsono popeza wakhala ukutilongosolera za udzudzu miyezi isanu, lero ndikulongosolere Chichewa, ndipo ndiika manambala kuti usadumphe.

1. Rozina wachira.

2. Kuchira kumeneku si kwa malungo. Usatumize mapiritsi.

3. Anachira Lachinayi pa 29 Malichi, nthawi ya m'mawa, kuchipatala. Ndi wamkazi. Pasikelo anakwana makilogalamu awiri ndi theka. Anamwino akuti ndi wochepa chifukwa cha malungo aja, koma akuyamwa ngati akulipidwa, ndipo kulira kwake a Zuhra akumamva ali kwawo. Tinatuluka naye atakulungidwa m'chitenje chako chobiriwira chija, poti Rozina anati n'chosayenera kuvala munthu wamkulu. Dzina ndi Zipora. Iwe tsopano ndiwe malume, ngati mawu amenewonso sunawaiwale.

4. Khandali sitikulidzoza, anamwino atiletsa kufikira litakula. Ndiye dzuwa likamapendeka limalowa m'neti ndi mayi ake, ndipo wokhala pafupi aliyense amakhala wodzola. Udzudzu ukumafika pakhonde, n'kuzungulira, n'kusowa kolowera. Ndikuganiza kuti ukupita kwa aneba a kuseri. Ndawauza kuti agule neti.

5. Inenso ndachira. Koma kwanga ndi kuchira wamba, kwa malungo. Usagule beseni lina.

Ndine mayi ako,
Eva Makwinja